Mphuno ya Bwana Jeyiti

Lolemba

Nkhani yayamba ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Amake Flora aima pakhomo la kashedi kanga, manja m'chiuno, akuyang'ana makina anga obowolera zitsulo monga momwe amayang'anira mbuzi ya eni ikalowa m'dimba lawo la lepu.

Akuti alembetsa anapiye kwa mayi wina wa ku Shimabala. Afika pa Sondo tikatuluka m'tchalitchi, ndipo agona muno m'kashedi. Akuti chitsulo chongodya malo sachifunanso.

“Chikabowola bowo limodzi chabe Sondo isanafike, chizankhala pakona. Chikakangiwa, niitana ba sikilapu na wilibala yawo.”

Ndavomera. Bowo limodzi! Ine amene ndinakalambira mu wekishopu ya fakitale, ndikugwirira zitsulo mafitala, amisiri a makina aja.

Ndilembe bwinobwino za makinawa, popeza apanyumba pano amawanena ngati chinthu chotola. Ndinabwera nawo chaka chimene ntchito inatha, pomwe ankachotsa zakale za mu wekishopu. Dzina lawo ndi Bwana Jeyiti. Pa chaki yawo yakale panadindidwa JT33, ndipo ine ndinazindikira kalekale kuti limeneli ndi dzina la mzungu amene ankawagwiritsa ntchito, pamodzi ndi nambala ya kabati yake. Azungu a nthawi ija ankalemba maina pa chilichonse, ndi pa kapu pomwe.

Chaki ndi kachitsulo konga chibakera, ka mano atatu, kamene kamaluma biti yobowolera. Yakaleyo inaguluka dzino limodzi zaka zapitazo. Pano ili padenga la chimbudzi, ikupsinja lata kuti mphepo isalitenge.

Zamoyo: mota, lamba, chogwirira chotsitsira, mphuno.
Zakufa: chaki basi.

Mphuno ndi pomwe chaki imakhala. Ndi yosalala, yonenepa kumwamba, yowonda pang'ono kunsonga, ngati karoti. Ilibe mazinga, ilibe bauti. Umangokankhira chaki, ukagogoda kamodzi yagwira. Ndiye vuto lili pati?

Mawa: kuyeza mphuno, kupita kutauni, kugula chaki, kubowola. Lachitatu ndipuma.

Lachiwiri

Kuyeza. Ndilibe choyezera cha mafitala, koma mutu ndili nawo. Ndatenga sopo wochapira wa Amake Flora, wamtanda uja, ndamunyowetsa pang'ono, ndamukankhira kumphuno mpaka yalowa yonse. Ndachotsa. Bowo lokongola, ndendende mphuno ya Bwana Jeyiti.

Sopo m'thumba, ulendo wa kutauni wapansi, pang'onopang'ono, chifukwa bondo lakumanzere silifuna kuthamangitsidwa.

Musitolo ya zitsulo mwini wake akuseka sopo wanga. Ndamusiya aseke. Watulutsa chaki yonyezimira m'kabokosi, pambali palembedwa B16.

“Iyi ni sitandadi, mudala. Ingena paliponse.”

Sindikhulupirira munthu ndi pakamwa pokha. Ndalowetsa chala mu sopo. Ndalowetsa chala chomwecho mu chaki. Ndabwerezanso, maso ali chitsinzinire kuti chala chimve bwino. Chimodzimodzi! Ndatenga.

Kunyumba ndapeza Amake Flora akufunafuna sopo. Ndawabwezera. Ayang'ana bowolo, andiyang'ana ine, afunsa ngati limeneli ndilo bowo tinapangana lija. Munthu wa ntchito sayankha zilizonse.

Ndapukuta mphuno ndi kansalu. Ndakankhira chaki. Yalowa ngati kwawo. Ndaika kathabwa pansi pake, ndagogoda kamodzi. Ndagwedeza ndi dzanja, siikusuntha. Ndaikoka, ikukana.

Ndakanikiza switchi. Zii. Magetsi apita.

Palibe kanthu. Ndauza Amake Flora kuti ntchito yatha, chatsala ndi kungoonetsa. Ndawauzanso kuti anapiye awo ndiwapangira mashelefu a zitsulo, obowola bwino, omanga ndi mabauti, osati zomangamanga ndi mawaya ngati za anthu ena.

Nshima ya madzulo ndadya ndi mtima woyera.

Lachitatu

Magetsi abwera dzuwa litakwera kale. Ndavala ovolosi yanga yakale. Ndaika chitsulo cha angolo patebulo la makina. Biti mu chaki, ndamanga ndi kiyi mabowo onse atatu monga ankachitira mafitala. Ndaitana Amake Flora kuti adzaone ndi maso awo, asadzamve kwa anthu.

Switchi.

Mota ikulira bwino, kulira kwake komwe kuja. Koma biti ikuvina. Nsonga yake ikuzungulira ngati munthu wochokera kumowa wofuna khomo la nyumba yake. Ndati mwina ndi maso anga. Ndatsitsa chogwirira pang'onopang'ono. Biti yakhudza chitsulo, yalira kwii, ndipo chaki yonse phu! yagwa, yagubuduka, yatuluka pakhomo, yakagunda beseni la mbale.

Amake Flora atola chaki, andipatsa m'manja ndi ulemu wonse, abwerera kukhitchini. Bola akanandikalipira.

Ndakhala pansi kuganiza. Zimene zingachititse:
mafuta pamphuno,
fumbi mu chaki,
kugogoda mwaulemu kwambiri.

Ndatsuka zonse ndi palafini, ndaumitsa padzuwa. Ndagogoda kawiri, mwamphamvu. Switchi. Yagwa.

Ndagogoda ndi hamala yeniyeni, kathabwa kang'ambika pakati. Switchi. Yazungulira, yazungulira, mtima wayamba kukhala pansi, ndatsitsa, yagwa. Ulendo uno yasankha chala changa chachikulu chakuphazi. Ndavala patapata lero, nsapato za ntchito zinadyedwa ndi makoswe.

Ndatumiza mawu kwa Ba Chanda ku Estates. Ndi Mbemba, mbuya wanga, paja Abemba ndi ife akum'mawa timanyozana mwa nthabwala. Tinagwira limodzi ntchito, iye ankasema zitsulo pa makina aakulu. Pakamwa pake ndi poipa koma manja ake amadziwa. Ayankha kuti ali kumaliro, abwera Lachisanu, ndipo ndisakhudze kanthu kufikira atafika.

Ndisakhudze kanthu! Makina ndi anga.

Lachinayi

Chala chatupa, chikhadabo chada. Ndatsimphina mpaka posewerera nsolo, pansi pa mtengo pafupi ndi njanji, pomwe timakhala ife otha ntchito. Ndafotokoza nkhani ngati ya munthu wina. Aliyense ali ndi mankhwala ake.

Wina akuti kulunga mphuno ndi kachidutswa ka chitini.
Wina akuti tenthetsa chaki kuti ifutukuke, uziziritse mphuno kuti ifote, zikakumana sizisiyananso.
Wina akuti wotcherera basi, nkhani ithe. Ameneyu sanagwirepo ntchito mu wekishopu, anali wa pageti.

Ndayamba ndi chitini cha mkaka. Ndadula, ndakulunga, chaki yakana kulowa. Ndadula chochepa, yalowa mopendama. Biti tsopano siikuvina yokha, ikuvinitsa ndi tebulo lomwe. Ndazimitsa msanga.

Yachiwiri. Chaki pambaula, pambali pa mphika wa nyemba. Kumphuno ndamangirira maaisi buloko awiri ofiira, mwa amene Amake Flora amagulitsa kwa ana a sukulu. Ndawatenga iwo ali kumsonkhano wa amayi a Chigwirizano. Chaki yayamba kufuka kautsi konunkha girisi. Ndaigwira ndi chiguduli, ndathamanga monga momwe bondo ndi chala zikundilolera, ndakankhira, ndagogoda, ndadikira kuti izizire.

Yagwira! Ndakoka ndi manja awiri, yagwira!

Switchi. Ndatsitsa mofatsa ngati ndikuika mwana pamphasa. Biti yaluma chitsulo. Tazitsulo tating'ono tayamba kutuluka. Ndayamba kuimba nyimbo ya m'buku mumtima. Ndisanafike pa mzere wachiwiri, phu.

Koma pachitsulo patsala kadzenje. Kakuoneka ndithu, chala chikukamva.

Amake Flora atabwera ndawaonetsa. Ndati bowo layambika, ndipo choyambika chili ngati chatha. Atenga chitsulocho, achikweza kumwamba, ayang'anira dzuwa ndi diso limodzi.

“Atate ake Flora, bowo ni ija yamene zuba ipitamo.”

Kenaka afunsa chifukwa chake nyemba zikununkha galaji, ndi kumene kwapita maaisi buloko awiri.

Masiku akadalipo. Sindinagonje.

Lachisanu

Mphuno yadzaza nyerere chifukwa cha shuga wa dzulo. Ndikuzichotsa pomwe Ba Chanda akulowa ndi njinga yawo, kachikwama ka zida kali kumbuyo.

“Shani, we wakum'mawa? Mbeba zasila, manje wayamba kudya nyerere?”

Ndawayankha kuti nyerere n'zabwino kuposa anyani amene iwo amadya kwawo. Tapatsana moni bwino. Amake Flora awapatsa mpando ndi tiyi, ine sanandipatse.

Ba Chanda sagwira hamala. Apempha mwaye wa kunsi kwa mphika. Apaka mphuno yonse mpaka yada bii. Alowetsa chaki ndi dzanja lokha, apotoza pang'ono, achotsa. Andiitana kuti ndione.

Mwaye wachoka pamalo amodzi okha, kamzere kozungulira kumwamba, kopyapyala ngati mphete. Kwina konse mpaka kunsonga kuli bii, sikunakhudzidwe n'komwe. Akuti chaki iyi ikugwira ndi milomo yokha, m'kati nsonga ikungosewera. Akuti chinthu chopanda bauti chimagwira chifukwa chitsulo chagona pa chitsulo chinzake kuyambira kumwamba mpaka kunsi, ndipo pakatsala mpata ngakhale wa tsitsi limodzi, ungagogode mpaka Khirisimasi.

Afunsa chaki yakale. Ndakwera pa ndowa, ndaitsitsa padenga la chimbudzi. Apala dzimbiri ndi kampeni. JT33.

Afunsa ngati ndinamuuza wa musitolo zilembo zimenezi. Ndati ndimuuzirenji dzina la mwini wake wakale, munthu woti mwina anamwalira kalekale kwawo?

Ba Chanda aika kapu pansi. Andifunsa kuti ndibwereze. Ndabwereza, ndawonjeza ndi za kabati. Aseka mpaka chifuwa chawagwira, Amake Flora abwera ndi madzi.

Atapuma afotokoza, ine ndikulemba monga ndamvera.

Kunalibe mzungu wotchedwa Jeyiti. JT ndi mtundu wa mphuno. Ndi kasemedwe ka ku America, ndipo makina angawa ndi a kumeneko. Iwo amayeza ndi mainchi. B ndi kasemedwe ka ku Ulaya, kwa anthu a mamilimita, ndipo zambiri zimene zikubwera m'masitolo masiku ano zimatsata kumeneko. JT33 ndi B16 kunenepa kwake n'kofanana kwambiri, diso silingasiyanitse, chala sichingasiyanitse, sopo ndiye ayi ndithu. Kusiyana kuli pa kutsetsereka. Ya ku America iyi imawonda msanga kupita kunsonga. Ya ku Ulaya imawonda mochedwa. Atulutsa choyezera chawo chotsetsereka chija, ayeza kumwamba, ayeza kunsonga, andionetsa timizere. Ine ndaona timizere.

Ndafunsa chifukwa chake nambala yaikulu, 33, ifanane ndi yaing'ono, 16. Akuti ya ku Ulaya ikunena kunenepa kwake m'mamilimita, ya ku America ndi dzina chabe, silinena kanthu. Ndati ndiye kuti ine sindinalakwe kwenikweni, ndi dzina ndithu. Akuti ndisadzitonthoze.

Ndafunsanso chifukwa chake anthu ophunzira a maiko awiri sanakhale pansi n'kugwirizana mphuno imodzi. Ba Chanda, amene ndi Mkatolika, akuti ndiyambe ndayankha chifukwa chake ine ndi iwo timapemphera Atate Wathu mmodzi m'nyumba ziwiri.

Akuti makina ena ali ndi kachitsulo kapakati kochotseka, umangosintha n'kuika kogwirizana ndi chaki yako. Asuzumira kunsi kwa Bwana Jeyiti, agogoda, apukusa mutu. Awa anabadwa ndi mphuno yawo. Njira ndi imodzi: chaki yolembedwa JT33. Muno mu Kafue sanaionepo. Mwina ku Lusaka.

Pokwera njinga atembenuka.

“Mbuya, nakupapata, chonde, usagwire fayilo. Naona mwamene uiyanganira.”

Sindinali kuyang'ana fayilo. Inangokhala pomwe maso anga anali.

Dzina la Bwana Jeyiti sindisintha. Munthu sasintha dzina atakalamba.

Loweruka

Minibasi ya m'mawa. Chaki yakale m'kachikwama ka pulasitiki, kuti zilembo zikadzinenere zokha. Tisanafike ndi pa Shimabala pomwe kachikwama kabooka, chaki yagwera phazi la mayi wina wonyamula tomato. Ndapepesa. Ndayang'ana pawindo, nyumba za nkhuku zili ndandanda m'mbali mwa msewu. Anapiye a mawa ali m'menemo, akudya, sakudziwa kuti akuthamangitsa munthu wamkulu.

Lusaka. Phokoso, mawilibala, aliyense akukuitana kuti bosi.

Sitolo yoyamba: B16.
Yachiwiri: B16 ndi B18. Akuti ndi sitandadi. Mawu amenewa ndawamva kale.
Ina: mtsikana wa pakauntala wawerenga zilembo, wafunsa ngati makinawo ndi a nthawi ya Federesheni.
Ina: bambo wachikulire, wa magalasi, wangoona n'kudziwa. Walowa kumbuyo, wakhalako, watuluka ndi kabokosi kafumbi. JT6. Ndati J alipo, T alipo, tasiyana nambala yokha. Akuti imeneyo ndi ya ku America ndithu koma ndi yonenepa, mphuno yanga idzasambiramo. Ndiye kuti a ku America nawonso sagwirizana okhaokha!

Bamboyo akuti angathe kuitanitsa kunja, ibwere pa ndeke, ifike mwezi wamawa kapena winawo. Ndati anapiye afika mawa. Sanamvetse, ndipo ine ndinalibe mphamvu zofotokoza.

Pobwerera ndatsikira kutauni kuti mwina wa sitolo uja alandire chaki yake. Ndakumbuka ndili pakhomo kuti ili ndi zipsera za hamala, ndipo mbali imodzi inada pambaula. Ndangodutsa ngati ndikupita kwina.

Kunyumba dzuwa lapendeka. Magetsi alipo. Amake Flora apita kukatenga utuchi woyala pansi pa anapiye.

Ndakhala pamaso pa Bwana Jeyiti, ndaganiza mofatsa, mwadongosolo. Chikugwira ndi kumwamba kokha. Ndiye kumwamba ndiko kwanenepa. Ndikachepetsako pang'ono, chaki ikwera, nsonga ipeza pogona. Kusiyana kwake Ba Chanda anena okha kuti ndi kwa tsitsi. Kodi tsitsi limodzi lingakanike munthu amene ali ndi fayilo?

Ndayatsa mota, mphuno ikuzungulira yopanda kanthu. Ndagunditsa fayilo pang'ono. Ndazimitsa, ndapaka mwaye, ndayesa. Mphete yasuntha, yatsika pang'ono. Zikuyenda! Ndapalanso. Mphete zakhala ziwiri. Ndapala pakati pake. Mphete imodzi yasowa, ina yaonekera mbali imodzi yokha. Ndapala mbali inayo, mota itazima, kuti zilingane.

Ndakankhira chaki. Yakwera mpaka kumapeto, mosavuta, mopanda ndi kugogoda komwe. Ndachotsa dzanja.

Yagwa. Switchi sindinaikhudze.

Ndayesa yakale, ya dzino loguluka ija, imene inakhala pamenepo zaka zonse osagwa. Nayonso yagwa.

Tsopano mphuno iyi si ya ku America, si ya ku Ulaya. Ndi ya muno mu Kafue, ndipo chaki yake sanayambe kupanga.

Ndabwezera yakale padenga la chimbudzi. Ndasesa tazitsulo pansi kuti pasaoneke. Fayilo ndaiika kuseri kwa thumba la makala.

Sondo

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki sindinaumve bwino. Ndimaganiza za wilibala.

Titafika kunyumba ndavula jekete, ndalowa m'kashedi, ndapukuta Bwana Jeyiti ndi kansalu ka mafuta, mutu mpaka tsinde. Apite ali oyera. Amake Flora sanafunse za bowo. Aona chaki yatsopano itatsekereza chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo, basi adziwa.

Anapiye afika m'makatoni awiri obowolabowola. Ngakhale katoni ili ndi mabowo. Akulira onse pamodzi, achikasu, osadziwa kanthu. Utuchi wayalidwa, malata akale aimikidwa mozungulira. A sikilapu, ogula zitsulo zakutha aja, akuti abwera akatha kudya.

Ndiye yabuka nkhani ya babu. Anapiye amafuna moto, ndipo babu liyenera kulendewera pamwamba pawo, pafupi akadali aang'ono, kumakwera akamakula. Denga la kashedi ndi lalitali, ndipo mtanda wake uli kumbali. Amake Flora ayesa msomali kukhoma, babu lili kutali, anapiye aunjikana pakona akunjenjemera. Ayesa mpando ndi ndodo ya tsache, ndodo yagwa. Ine ndili pa ndowa yanga, si nkhani yanga.

Kenaka aima, ayang'ana Bwana Jeyiti nthawi yaitali. Agwira chogwirira, atsitsa, mphuno yatsika. Asiya, yakwera. Afunsa ngati chingathe kuima pamene munthu wachifuna. Ndawaonetsa kanati kotsekera kali pambali. Ndawaonetsa mofatsa, kawiri, popeza ndi chinthu chofuna kuchidziwa.

Tawakankha awiri makinawo mpaka pakati. Atenga lekeni ya chubu cha njinga, amangirira chingwe cha babu kumphuno, pomwe ndinapala dzulo. Akuti bola pamenepa pali pokhakhala, mphira ikugwira bwino. Babu layaka. Anapiye achoka pakona, abwera pansi pake, agona.

A sikilapu atafika ndi wilibala, Amake Flora awauza pageti kuti chitsulocho chili pa ntchito. Awapatsa mbaula yakale yobooka kuti asabwerere chabe.

Lamba wa mota ndachotsa ndekha, ndamupachika pamsomali, kuti wina asadzakanikize switchi n'kuzungulitsa babu.

Ba Chanda adutsa pochokera ku Misa yachiwiri. Asuzumira, aona mphuno, aona mikwingwirima ya fayilo, andiyang'ana. Ndati anyani ali bwanji kwanu. Avula chipewa pamaso pa makina, akuti Bwana Jeyiti apeza ntchito ya unakubala pa ukalamba, ndipo Lolemba auza onse a pa nsolo.

Mashelefu adzamangidwa ndi mawaya.

Bowo silinabowoledwe. Makina ali m'kashedi, ndipo sali pakona, ali pakati penipeni. Sindikudziwa ngati ndapambana. Amake Flora akuti ntchito yokweza ndi kutsitsa ndi yanga, popeza ndine ndikudziwa kanati.

Dzuwa likulowa, kwayamba kuzizira. Aitana ali kukhitchini kuti nditsitse babu pang'ono. Ndafunsa kuti pang'ono bwanji. Akuti zala ziwiri.

Ndatsitsa zala ziwiri. Sindinafunse ngati ndi za ku America kapena za ku Ulaya.